Chachikasu, zitatu zija, kapena HDMI? Mafunso a olumikiza kanema ndi zokuzira mawu ku Rumphi

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Mzuzu, zimaonekera pa katundu wa m'maminibasi okhota pa Bwengu kulowera ku Njakwa. Pamwamba pa matumba a shuga pamakhala katoni ya TV, pambali pake katoni ya masipika. Zina zagulidwa m'masitolo a mu mzindawo, zina pa msika wa Taifa pomwe pamafikira katundu wa ku Tanzania, zina watumiza mwana amene ali ku Joni. Katunduyo akafika ku Bolero, ku Mhuju kapena ku Hewe, banja lonse limasonkhana, makatoni n'kutsegulidwa. Kenaka pamabuka funso lomwe wogulitsa sanayankhe, lakuti chingwe ichi chilowa pati. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pa nthawi imeneyi.

Kuseri kwa TV ndi dikoda kuli mabowo amitundumitundu. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kusiyanitsa chomwe chikutulutsa ndi chomwe chikulandira. Dikoda, DVD ndi makina a masewero ngati PlayStation zimatulutsa zithunzi ndi mawu, ndipo mabowo ake amalembedwa OUT. TV imalandira, mabowo ake ndi IN. Chingwe chimachoka pa OUT kupita pa IN nthawi zonse. Anthu ambiri amene amati TV yawo yafika yakufa amakhala atalowetsa chingwe pa AV OUT ya TV, chifukwa ma TV ena ali ndi mizere iwiri ya mabowo ofanana mtundu, wina wolandira wina wotulutsa.

Mukatero tembenuzani zipangizo ziwirizo, muziyang'ane kuseri pamodzi. Funani mtundu wa bowo umene uli konsekonse. Ngati ilipo mitundu ingapo, sankhani wapamwamba. Kuyambira pansi, mndandanda wake ndi uwu: chingwe cha eriyo, chachikasu, S-Video, zingwe zitatu za component, kenaka HDMI. Mukalumikiza, tengani limoti ya TV, dinani SOURCE kapena INPUT, musankhe dzina la bowo lomwe mwagwiritsa ntchito. Ma TV ambiri sadziwa okha kuti mwawalumikiza pati.

Chingwe chachikasu chinkaonetsa bwino pa TV yathu yakale ya chimsana. Bwanji pa TV yatsopano yopyapyala zithunzi zikuoneka zofufuma?

Chingwecho sichinasinthe. Chasintha ndi galasi lomwe likuonetsa.

Chachikasu chimatchedwa composite, ndipo pa zipangizo zina bowo lake limalembedwa CVBS kapena VIDEO. Chimanyamula zithunzi zokha. Anzake awiri, choyera ndi chofiira, ndi a mawu: choyera sipika ya kumanzere, chofiira ya kumanja. Mitu yake yozungulira ija imatchedwa RCA, dzina la kampani ya ku America yomwe inaipanga kalekale.

Chithunzi cha pa kanema chili ndi zinthu ziwiri, kuwala ndi mtundu. Kuwala ndiko kumajambula nkhope, malembo ndi m'mbali mwa zinthu. Mtundu umangopakidwa pamwamba. Chachikasu chimathira ziwirizi mu waya mmodzi, TV n'kumalimbana nazo kuti izilekanitse. Zili ngati kuthira chimanga ndi nyemba m'thumba limodzi: mungasankhe bwanji, zina zidzatsalira kwa zinzake. N'chifukwa chake wowerenga nkhani akavala jekete la timizere ting'onoting'ono mumaona mitundu ikuvina pa jeketelo, ndipo m'mbali mwa malembo mumayenda timadontho ngati nyerere.

Chifukwa china ndi kuchuluka kwa mizere. Television Malawi itayamba kuulutsa mu 1999, dziko lino linkagwiritsa ntchito njira ya PAL, yomwe ili ndi mizere 625, ndipo yooneka pa galasi ndi 576. Chachikasu sichipitirira pamenepo. Chithunzi cha DVD ya PAL chili ndi timadontho 720 m'litali ndi 576 m'mwamba, pomwe TV ya Full HD ili ndi 1920 ndi 1080, kutanthauza kuti timadontho take n'tochuluka kasanu. Mukaipatsa chithunzi cha chachikasu, TV imachikoka kuti chidzaze galasi lonse, ndipo chilema chilichonse chimakokedwa nacho. Pa TV ya chimsana ya mainchesi 21 zilemazi zinkabisika, chifukwa TV imeneyo inapangidwira chithunzi chomwecho. Ngati TV yanu ndi ya chimsana, musadandaule ndi chachikasu, chikukwanira.

Nanga zingwe zitatu zobiriwira, zabuluu ndi zofiira n'zachiyani?

Izi ndiye component, ndipo pa mitundu yonse ya analogi yomwe imapezeka kwathu kuno ndizo ndingakulimbikitseni. Mabowo ake amalembedwa Y, Pb ndi Pr, pena Y, Cb ndi Cr. Chobiriwira chimanyamula kuwala kokha. Chabuluu chimanyamula kusiyana kwa mtundu wa buluu ndi kuwalako, chofiira chimodzimodzi pa mtundu wofiira. Mtundu wobiriwira TV imauwerengera yokha kuchokera pa zitatuzi. Popeza chilichonse chili ndi njira yakeyake, palibe chosakanizika, ndipo malembo a pansi pa filimu amawerengeka bwino ngakhale muli kumbuyo kwa chipinda.

Zingwezi zimathanso kunyamula zithunzi zapamwamba, za 720p ndi 1080i, ngati chotulutsa chili nazo. Koma apa ndi pamene ambiri amakhumudwa. DVD wamba imakhalabe ya mizere 576, ngakhale muilumikize ndi zingwe zabwino chotani. Chimene component imachita n'kufikitsa chithunzicho pa TV chisanaonongeke. Kusiyana kwake ndi chachikasu kumaoneka ndi maso, makamaka pa mitundu, koma filimu yomwe inakopedwa mosasamala, khumi pa chimbale chimodzi, idzaonekabe yothimbirira.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Zitatuzi n'za zithunzi zokha, ndiye mawu amafuna zingwe zawo ziwiri, choyera ndi chofiira. Zonse pamodzi zisanu, ndipo zofiira zilipo ziwiri. Mukazisinthanitsa, nkhope za anthu zimasanduka zobiriwirira ndipo sipika imodzi imangolira phokoso. Mangani kansalu kapena tepi pa chofiira cha mawu kuti musadzasokonezenso. Chinanso, ma DVD ambiri amafuna kuti mulowe mu SETUP, pa VIDEO OUTPUT, musankhe YUV kapena COMPONENT. Musanatero mabowo atatuwo amatha kukhala osatulutsa kanthu koyenera.

Pa TV yomwe tinalandira kuchokera ku Ulaya pali bowo lalikulu lamakona la timabowo tambiri. Palinso kena kozungulira ka timano tinayi. N'zantchito?

Lalikululo ndi SCART, la timano 21, lomwe linayambira ku France ndipo linafala ku Ulaya konse. Chingwe chimodzi chimanyamula zithunzi ndi mawu. Ngati zipangizo zonse ziwiri zili ndi SCART ndipo chotulutsa mwachiika pa RGB, chithunzi chake n'choyera kwambiri, chofanana ndi cha component pa mizere 576. Ngati dikoda yanu ilibe SCART, pali kachipangizo kolowetsa pa bowolo komwe kali ndi mabowo atatu a RCA kumbuyo. Kamagwira ntchito, koma chithunzi chimakhala cha chachikasu basi. Kambiri kamakhala ndi kaswichi kolembedwa IN ndi OUT. Pa TV kaikeni pa IN.

Kozungulirako ndi S-Video, yomwe JVC inatulutsa mu 1987 pamodzi ndi matepi a S-VHS. Imalekanitsa kuwala ndi mtundu m'mawaya awiri, ndiye nyerere zija zimachoka. Ili pakati pa chachikasu ndi component. Timano take timapindika msanga, ndipo chingwe chake n'chosowa m'misika yathu. Mukachipeza chigwiritseni, koma sindingakwere basi kukachifuna ku Mzuzu.

Ngati HDMI ilipo, n'kuvutikiranji ndi zakalezi?

Ngati dikoda ndi TV zonse zili ndi HDMI, gwiritsani HDMI, nkhani yatha. Chingwe chimodzi, zithunzi ndi mawu, ndipo zimafika monga zinachokera chifukwa zimayenda ngati manambala.

Koma m'nyumba zathu zipangizo sizifika tsiku limodzi. TV inagulidwa chaka chomwe fodya anayenda bwino, DVD inabwera ndi mlamu, dikoda ya GOtv kapena ya Kiliye Kiliye inagulidwa dziko litayamba kusamukira ku kanema wa dijito. Nyumba imodzi imatha kukhala ndi zipangizo zosiyana zaka khumi ndi zisanu, zonse zamoyo. Kutaya TV yogwira ntchito chifukwa ilibe bowo limodzi ndi kuononga, ndipo kudziwa zingwe zakalezi ndi kumene kumapulumutsa ndalama.

Pali timabokosi tosintha HDMI kukhala chachikasu, ndi tina tosintha chachikasu kukhala HDMI. Kalikonse kamayenda mbali imodzi yokha, ndiye werengani bwino musanalipire: HDMI2AV ndi ka chipangizo chatsopano pa TV yakale, AV2HDMI ndi ka chipangizo chakale pa TV yatsopano. Timafuna magetsi a USB. Chingwe chabe chomwe chili ndi mutu wa HDMI uku ndi mitu itatu ya RCA uko, chopanda kabokosi pakati, musagule. Waya yekha sangasinthe dijito kukhala analogi.

Zithunzi zikubwera koma zilibe mtundu, ndi zakuda ndi zoyera. Chavuta n'chiyani?

Kawirikawiri ndi chimodzi mwa zitatu.

Choyamba, mwasemphanitsa mabowo. Chobiriwira cha component chikalowa pa bowo lachikasu, TV imalandira kuwala kokha popanda mtundu. Ma TV ambiri atsopano ali ndi bowo limodzi logawana, theka lobiriwira theka lachikasu, lolembedwa Y/VIDEO. Pamenepo chachikasu chimalowa bwinobwino, koma pa limoti muyenera kusankha AV, osati COMPONENT.

Chachiwiri ndi nkhani ya PAL ndi NTSC. America ndi Japan ankagwiritsa ntchito NTSC, ya mizere 525 ndi zithunzi pafupifupi 30 pa sekondi, pomwe PAL yathu ndi zithunzi 25. Njira ziwirizi zimanyamula mtundu mosiyana. DVD kapena dikoda ikakhala pa NTSC ndipo TV ndi ya PAL yokha, mtundu umasowa, pena chithunzi chimagudubuzika. Lowani mu SETUP, pa TV SYSTEM, musankhe PAL. Katundu wochokera ku South Africa, Tanzania ndi Britain alibe vutoli chifukwa konseko ndi PAL. Wochokera ku America kapena ku Japan ali ndi vuto lina loopsa kuposa la mtundu: magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, pomwe ku America ndi 120 ndipo ku Japan ndi 100. Werengani kachikwangwani ka kuseri musanalowetse pulagi pakhoma.

Chachitatu ndi tizingwe ta mutu umodzi wonga wa mahedifoni, tomwe timagawika patatu mbali inayo. Madikoda ang'onoang'ono ndi ma TV opyapyala amakonda timeneti. Timaoneka tofanana, koma makampani amayala mawaya a m'kati mosiyana. Mukabwereka ka mnzanu n'kuona kuti zithunzi palibe, yesani kulowetsa chofiira kapena choyera pa bowo lachikasu. Nthawi zina zithunzi zimakhala zili m'menemo. Kachingwe kobwera m'katoni kasungeni bwino.

Ndagula home theatre ya masipika asanu ndi wufa, koma akumbuyo salira. Andinamiza?

Mwina ayi. Choyera ndi chofiira zimanyamula njira ziwiri zokha za mawu, kumanzere ndi kumanja. Mawu a 5.1, omwe ali ndi njira zisanu ndi ina ya wufa, sangadutse m'menemo onse. Kuti afike pamafunika HDMI, kapena chingwe cha OPTICAL chomwe chimayaka kuwala kofiira kumapeto, kapena bowo la COAXIAL lomwe kawirikawiri limakhala la mtundu wa lalanje. Ma DVD ena ali ndi mabowo asanu ndi limodzi a RCA, lililonse la sipika yake, ndipo ngati ampu yanu ili nawonso mungalumikize chimodzichimodzi. Komanso chomwe mukuonera chiyenera kukhala chojambulidwa mu 5.1. Nkhani za pa MBC, kwaya ya mpingo ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa sizikhala ndi mawu akumbuyo. Ma ampu ambiri ali ndi batani logawira mawu a njira ziwiri ku masipika onse, ndipo pa nyimbo zimamveka bwino ndithu.

Njira yosavuta yolumikizira ndi iyi: zithunzi zipite ku TV molunjika, mawu apite ku ampu. Ngati muli ndi dikoda ndi DVD, zonse zilowe mu TV, kenaka chingwe chimodzi chichoke pa AUDIO OUT ya TV kupita pa AUX ya ampu. Mukatero chilichonse chomwe TV ikuonetsa ndicho chikumveka.

Pa mawaya a masipika, wofiira alowe pofiira, wakuda pakuda, mbali zonse. Sipika imodzi ikatembenuzidwa imalirabe, koma imakankha pamene inzake ikukoka, ndipo mawu akuluakulu amachepa. Timawaya tosongoka tisakhudzane kuseri kwa ampu, chifukwa ndi momwe ma ampu ambiri amapsera. Sipika ya pakati, yomwe imatulutsa zoyankhula, ikhale pansi kapena pamwamba pa TV. Ndawonjeza izi chifukwa ndaona nyumba zambiri momwe masipika onse asanu aunjikidwa pa shelefu imodzi, ndipo mwini wake analipira ndalama ya 5.1 n'kumamva ngati wailesi wamba.

Za manambala akuluakulu a pa katoni, a mawatsi zikwizikwi olembedwa PMPO, musawawerengere. Funani nambala ya RMS.

Wogulitsa akuti chingwe cha mitu yagolide chimaonetsa bwino. Ndiwonjezere ndalama?

Pa mtunda wa mita imodzi kapena iwiri, kuchoka pa dikoda kufika pa TV, chingwe chilichonse chosaduka chimaonetsa chimodzimodzi. Golide wa pa mitu ntchito yake n'kuletsa dzimbiri. Kwa okhala kunyanja, ku Chitimba, Chiweta kapena Mlowe, ndiponso ku Livingstonia komwe nkhungu siisowa, zimenezo zili ndi phindu pang'ono. Koma golideyo sawonjezera kanthu pa chithunzi.

Chofunika kuyang'ana ndi kunenepa kwa chingwe ndi kulimba kwa pomwe waya walowera m'mutu, chifukwa pamenepo ndi pomwe zimadukira. Chithunzi chikamabwera n'kumachoka mukagwedeza chingwe, vuto ndi limenelo. Mutu ukakhwepa, ufinyeni pang'ono ndi pulayazi kuti ugwire. Ukachita dzimbiri kapena fumbi, upukuteni ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti.

Mitundu ya pa mitu ija ndi zizindikiro chabe. Pa zingwe zotchipa, chachikasu, choyera ndi chofiira m'kati mwake n'zofanana. Ngati mulibe zingwe za component, tengani zachikasu-choyera-chofiira zomwe muli nazo muzigwiritse ntchito pa Y, Pb ndi Pr, bola mtundu womwe mwalowetsa pa Y uku ukhalenso pa Y uko. Pa mtunda waufupi zimatheka bwinobwino.

Ndili ndi vidiyo shoo pa Bolero. Ndikufuna dikoda imodzi ionetse mpira pa ma TV awiri, ina patali mamita 15. Nditani?

Apa ndi pomwe mtundu wa chingwe umayamba kukhala nkhani. Zithunzi za analogi zimafuna chingwe cha ma ohm 75, ndipo tizingwe topyapyala ta m'katoni si totero. Mukatilumikiza tambirimbiri kuti tifike patali, chithunzi chimazilala ndipo osewera amaoneka ndi mithunzi pambali. Mankhwala ake ali pafupi: chingwe chomwe chimachoka pa dishi, cha RG6, ndi cha ma ohm 75 ndipo n'chotchingidwa bwino. Gulani utali womwe mukufuna, muike mitu ya F mbali zonse, ndi timitu tosintha F kukhala RCA. Chidzanyamula chachikasu mamita 15 popanda vuto.

Musagawe chachikasu ndi kafoloko ka mitu iwiri. Ma TV awiri akamakoka pa bowo limodzi, onse amaonetsa chithunzi chozilala. Madikoda ambiri amatulutsa HDMI ndi chachikasu nthawi imodzi, ndiye TV yapafupi ipatseni HDMI, yakutali chachikasu. Dziwani kuti ma TV awiriwo akhoza kusiyana pang'ono nthawi, ena n'kukuwa chigoli anzawo asanachione, choncho mawu achokere pa ampu imodzi. Ngati ma TV ndi atatu kapena anayi, gulani kabokosi kogawa zithunzi kokhala ndi magetsi ake.

Pa galasi pakuyenda mzere wakuda kukwera m'mwamba, ndipo masipika akung'ung'uza. Tikugwiritsa ntchito sola.

Limeneli ndi phokoso la magetsi lomwe lalowa m'zingwe. Analogi imatola chilichonse chomwe chili pafupi. Yambani ndi kulekanitsa zingwe za zithunzi ndi mawu ku mawaya a magetsi, zisamangidwe mtolo umodzi. TV, dikoda ndi ampu zitenge magetsi pa ekisitenshoni imodzi. Kenaka zulani chingwe cha dishi muone ngati mzere wachoka. Ukachoka, ndiye kuti dishi ndi zipangizo za m'nyumba sizikugwirizana pa waya wa pansi, ndipo pafunika wodziwa zamagetsi.

Kwa a sola, kawirikawiri wolakwa ndi inveta. Zotchipa zambiri ndi za modified sine wave, zomwe magetsi ake amayenda modumphadumpha m'malo moyenda mosalala ngati a ESCOM. Mababu sadandaula nazo, koma ampu imang'ung'uza. Inveta ya pure sine wave imathetsa vutoli, ngakhale ndi yodula. Njira ina ndi kugula TV ndi dikoda zolandira mavoti 12, zomwe zimatenga magetsi ku batire popanda inveta, ndipo batire limakhalitsa. Inveta muiike kutali ndi zingwe za kanema.

Mvula ikayamba, ndizule ziti?

Zonse ziwiri, pulagi ya pakhoma ndi chingwe cha dishi kapena cha eriyo. Ambiri amazimitsa pa swichi n'kusiya cha dishi, chonsecho chingwe chimenecho chimachokera pa denga kapena pa mlongoti, n'kulowa mu dikoda, kuchoka apo n'kudutsa pa HDMI kapena chachikasu kufika mu TV ndi mu ampu. Mphenzi siifunika kugwa pa nyumba yanu yeniyeni. Ikagwa pafupi, mphamvu yake imakwanira kuotcha mabowo a zipangizo zonse zolumikizana. Kabokosi koteteza kotchedwa TV guard kamathandiza magetsi akamabwera mwamphamvu atazima, koma kamateteza mbali ya pakhoma yokha.

Zulani mukangomva kugunda kwakutali, osadikira kuti mvula ifike pamutu, chifukwa nthawi imeneyo kugwira chingwe cha dishi n'koopsa kwa inu mwini. Pobwezeretsa, yambani ndi cha dishi dikoda ili yozima. Dikoda imatumiza mavoti 13 kapena 18 kupita ku kachipangizo ka pa dishi kudzera m'chingwe chomwecho, ndipo kawaya kapakati kakakhudza m'mbali dikoda ili yoyaka, mbali yolandira ya dikodayo ikhoza kupsa. Mukamanga bwino mutuwo, lowetsani pulagi pakhoma.